Ndinapita ku Mpikisano wa Magalimoto Kukalondera Mwamuna

Ndineneretu kuti ine magalimoto sindiwadziwa ndipo sindiwakonda. Ndiye mukamva kuti mayi a Tadala anachoka ku Hull, kuwoloka nyanja mpaka ku France kukaonera magalimoto akuzungulira usana ndi usiku, musaganize kuti ndinayamba kukonda masewera nditakula. Ndinapita kukalondera mwamuna wanga.

Vuto linali Thoko. Thoko ndi mtsikana wa ku Zomba amene anabwera kudzaphunzira ku Leeds, atamaliza n'kupeza ntchito ya uinjiniya pa kampani ina yopanga zipangizo za magalimoto. Ndi wosakwatiwa, ali ndi galimoto yakeyake, ndipo mano ake ndi oyera mokwiyitsa. Tinadziwana naye ku mapemphero a Amalawi amene timachita kamodzi pa mwezi. Ine ndimasamalira okalamba, mashifiti a maola khumi ndi awiri. Amuna anga, bambo a Tadala, amanyamula makatoni ku weyahausi ina kufupi ndi doko. Kwathu anali makaniko, anali ndi galaja yawo ku Ndirande, ndipo madalaivala a minibasi ankachita kuwalimbirana. Kuno magalaja amafuna mapepala, pomwe iwo ntchito anaiphunzira ndi manja. Ntchito ya kuno anaipeza ndine, iwo anabwera pa viza yanga.

Mapemphero akatha, anthu tikudya mandasi, awiriwa mumawapeza pakona. Pisitoni, giyabokosi, kaya chiyani. Munthu amene kunyumba amangoyankha kuti "eya" ndi "kaya", pamenepo amayankhula manja ali m'mwamba, kuseka mpaka kugwira pamimba. Ine ndikangoyandikira nkhani imazima, Thoko n'kumati, "Asisi, lero ndiye mwatchenatu." Zoti asisi zimenezo ine sizinkandilowa.

Tsiku lina madzulo bambo a Tadala anafika akumwetulira okha. Ati Thoko wapeza matikiti anayi a mpikisano wa magalimoto wa maola makumi awiri ndi anayi, kufupi ndi tauni ya Le Mans. Opita ndi Thokoyo, iwowo, a Tembo, amene ndi mkulu wa mpingo wa ku Zambia wokhala ku Bolton, ndi mnzake wina wa Thoko wa kuntchito.

"Mnzakeyo mumuuze apume," ndinatero. "Mpando wachinayiwo ndi wanga."

"Inu? Inu amene mumadandaula ndi phokoso la makina ochapira?"

"Ndayamba kulikonda."

Viza ya ku France inandidyera masiku awiri opuma. Ulendo woyamba ku Manchester ndinaiwala kalata ya kuntchito, anandibweza. Ulendo wachiwiri ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuntchito ndinachita kupempha mnzanga wa ku Kitwe kuti andigwirire mashifiti anayi, iye n'kuvomera akundiseka kuti sanamvepo mayi wa mvano akupita kukaonera magalimoto.

Kutatsala sabata imodzi Thoko anatumiza mndandanda pa foni. Nsapato zolimba zoyendera. Jekete la mvula. Juzi, chifukwa m'bandakucha kumazizira ngakhale ili nthawi yotentha. Chipewa cha dzuwa, zotseka m'makutu, kawailesi kakang'ono komvera amene akutsogola, mpando wopinda, botolo la madzi, pawabanki. Pamapeto analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti tisanyamule nyama kapena mkaka, chifukwa saloleza kulowa nazo ku France kuchokera kuno.

Ndinawerenga n'kuseka ndekha. Ndinati, ameneyu ndamugwira. Akufuna ine ndikaoneke ngati ndikupita kudimba, iye akathyole makosi a anthu. Ine mipikisano ya azungu ndinaionapo pa kanema wa kuntchito, ya mahatchi ija, azimayi atavala zipewa zazikulu ndi madiresi a ukwati. Mpikisano ndi mpikisano basi. Ndinalongedza diresi langa la chitenje lopita nalo ku zinkhoswe, gogoda zanga zagolide ndi wigi yatsopano. Kenako ndinakazinga nkhuku ziwiri, ndi adyo ndi tsabola, n'kuzibisa pansi pa chikwama. Mwamuna wanga sangayende masiku anayi akudya masangweji opakidwa ndi mtsikana wina ine ndili moyo.

Tinanyamuka Lachisanu pa basi yoyamba ya ku Leeds. Tadala tinamusiya kwa anzathu a kutchalitchi, ndipo nditamutsanzika m'Chichewa anandiyankha m'Chingerezi kuti ndimubweretsere chokoleti. Ku Leeds tinapeza Thoko akutidikira kale, atavala jinzi yakutha ndi sikipa, nkhope yosapaka kanthu. Abale inu, ndiye anakongola kuposa masiku onse. A Tembo sitima yawo ya ku Bolton inachedwa, tinawadikira pafupifupi ola lathunthu, ndipo anafika ndi mpando wopinda pa phewa, akupepesa aliyense mpaka wogulitsa khofi.

Nkhondo yoyamba inali ya mpando wa kutsogolo. Thoko anati popeza iye ndi achimwene, ndiye kuti amuna anga, azisinthana chiwongolero, ndi bwino onse akhale kutsogolo. Ine ndinali nditakhala kale, lamba nditamanga. Thoko akamayendetsa, ine kutsogolo. Bambo a Tadala akamayendetsa, ine kutsogolo. Ndinadziona wochenjera mpaka tinadutsa Sheffield, pamene ndinazindikira kuti akungocheza bwinobwino kudzera pa kagalasi koonera kumbuyo. Nkhani ya matayala a mvula inadutsa pamwamba pa mutu wanga kuyambira Nottingham mpaka Leicester. Nditayesa kulowetsa nkhani ya mtengo wa tomato, anandiyankha ndi a Tembo okha.

Cha ku Northampton ankakonza msewu, tinakwawa. Pa mlatho waukulu wodutsa mtsinje kum'mawa kwa London tinakwawanso. Dzuwa linatentha, galimoto inafunda, ndipo adyo sabisika. A Tembo anadzuka ku tulo, ananunkhiza kawiri.

"Amulamu, mu motoka muno muli nkhuku."

Ndinayang'ana pawindo. Thoko anandiyang'ana cham'mbali.

"Asisi, mwanyamula nyama?"

"Ndi kamba wa paulendo. Kwanu ku Zomba mumayenda chimanjamanja?"

"Akatipeza nazo pa chipata atilanda, mwinanso kutilipiritsa. Tikuyenera kuzitaya tisanafike ku Dover."

Kutaya! Nkhuku ziwiri zathunthu, zonona, zimene ndinaimirira nazo pa chitofu nditaweruka shifiti? Ngakhale a Tembo anakana kuti limenelo ndi tchimo. Tinapatuka pa malo opumulira kufupi ndi Maidstone, tinayala nyuzipepala pa boneti n'kuyamba ntchito. A Tembo anapemphera mwachidule, n'kumaliza pafupifupi nkhuku imodzi okha. Thoko anadya phiko limodzi, maso ali pa wotchi. Ine ndinkangokankhira ntchafu kwa amuna anga kuti adye, aone kusiyana kwake. Titamaliza kutsuka m'manja ndi kufunafuna a Tembo amene anasowa kuchimbudzi, nthawi inali itatha.

Ku Dover mapasipoti athu obiriwira ndi akuda anawatembenuza tsamba ndi tsamba, magalimoto a anzathu a kuno akungodutsa. Pofika pa mzere wokwerera, sitima yathu ya pamadzi inali ikutuluka pa doko, tikuiona ndi maso. Anatiuza kuti tidikire ina pakatha maola awiri. Tinakhala m'galimoto pakati pa mathiraki, mawindo otsegula, mbalame za kunyanja zikulira. Za nkhuku palibe ndi mmodzi yemwe anatifunsa, ndipo zimenezi ndinazinena mokweza.

Apo ndi pamene bambo a Tadala anayankhula, motsitsa mawu.

"Komatu Thoko analemba."

Ndinawakalipira pomwepo.

"Thoko analemba, Thoko ananena, Thoko akudziwa! Kodi kuno munabwera pa viza ya Thoko?"

Thoko anayang'ana pa chiwongolero. A Tembo anatsokomola, n'kunena kuti akufuna akawongole miyendo. Amuna anga anamasula lamba. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono, anatuluka, n'kukaima pafupi ndi thiraki ina akuyang'ana matayala ake. Ndinadziwa kuti ndalakwa, koma pakamwa panga panali pasanazizire, ndipo kupepesa pamaso pa Thoko ndiye sindikanatha.

M'sitima amuna anga anakakhala panja pamphepo okhaokha. Ine nyanja inandizunguza mutu, nkhuku ija inayamba kundikumbutsa kuti ilipo. Amene anandibweretsera tiyi ndi mabisiketi a jinja anali Thoko. Ndinalandira chifukwa ndinalibe mphamvu zokanira. Munthu amene ukumuda akamakuchitira zabwino zimawawa kuposa akakutukwana.

Ku Calais dziko linatembenuka. Kumeneko amayenda kumanja, ndiye ine wa mpando wa kutsogolo m'galimoto ya ku England ndi amene ndinali mbali ya pakati pa msewu. Pa raundabauti iliyonse ndinkakuwa kuti tikugundidwa. Kenako tinafika pa chipata cholipirira msewu, ndipo makina ake anali mbali yanga. Dzanja silinafike. Ndinamasula lamba, ndinatulutsa theka la thupi pawindo, khadi la kubanki linagwa pansi, wigi inakodwa pa chitseko, kumbuyo mahutala ali pii, pii. Thoko anatuluka, anatola khadi, anadina kawiri, mtengo wotchinga msewu unakwera m'mwamba.

"Mayi a Tadala," anatero amuna anga, ndipo anali mawu awo oyamba kwa ine chichokereni ku Dover, "kutsogoloku zipata zilipo zambiri."

Ndinapita kumbuyo ndekha. Kuyambira pamenepo mpaka ku Rouen ndinkangoona nkhongo ziwiri zitayandikana, imodzi yometa, ina ya tsitsi lomanga. A Tembo anali kuliza mkonono pa phewa panga. Midzi ya ku France akuti ndi yokongola, kaya, ine sindinaione.

Tinagona pa kahotelo kotchipa kunja kwa Rouen. A Tembo, monga mkulu wa mpingo, anagawa zipinda mwa chikhalidwe cha ku misonkhano, abambo kwaokha, amayi kwaokha. Ndiye ndinawoloka nyanja kudzalondera mwamuna, n'kukagona ndi Thoko. Asanagone anagwada n'kupempherera ulendo, kenako banja la asisi. Ameni wanga anatuluka movutikira.

Loweruka m'mawa, tisanafike ku Alençon, kutsogolo kwa galimoto kunayamba kufuka nthunzi. Thoko anaimika pambali n'kuyamba kufufuza nambala ya inshuwalansi, nkhope itagwa, chifukwa mpikisano unkayamba madzulo omwewo. Bambo a Tadala anangoti, "Dikirani kaye." Anapinda malaya, anadikira injini izizire, analowetsa dzanja kunsi osayang'ana n'komwe. Ati paipi ya madzi yang'ambika kumapeto. Anaidula ndi mpeni wa a Tembo, anaibwezeretsa, anamanga chomangira chake ndi sikuludiraiva, n'kuthira madzi athu akumwa onse mu radiyeta. Thoko anawagwirira zipangizo, mitu iwiri pansi pa boneti imodzi. Ine ndinaima m'mphepete mwa msewu nditagwira m'chiuno.

Kenako ndinamva likhweru. Amuna anga ankaimba likhweru. Chichokereni ku Ndirande ndinali ndisanalimvepo.

"Achimwene," anatero Thoko injini italira, "ine ndi digiri yanga ndikanaitana anthu. Manja anuwa akungowonongeka ndi makatoni."

Iwo anaseka mwamanyazi, akupukuta oilo ndi nyuzipepala. Ine ndinamva ngati wandilanda mawu amene ndinayenera kunena ndine, ngakhale kuti m'zaka zonsezi ndinali ndisanawaganizepo.

Tsopano inu amene mukufuna kudzapitako koyamba, mverani kwa ine amene ndinaphunzira ndi thupi. Malo ake si bwalo ngati la mpira loti mukhala pamodzi n'kumaona zonse. Njira ya magalimotowo ndi yaitali makilomita opitirira khumi, imadutsa m'nkhalango ndi m'minda, ndipo inu oonera mumayenda wapansi kuchoka pakona ina kupita pa ina. Galimoto yanu mumaisiya kutali, m'munda wa udzu. Mipando ya pamthunzi ili ndi tikiti yakeyake. Amene alibe, mpando wake ndi umene wanyamula, apo ayi pansi. Mufike msanga, chifukwa mzere wa magalimoto olowa ndi wotopetsa kuposa ulendo wonse.

Ine zonsezi sindinkazidziwa pamene ndinkavala diresi langa kuseri kwa matenti awiri ogonamo amene tinamanga m'munda wa udzuwo. Ndinatuluka nditathwanima, gogoda zagolide, ndolo zolendewera. Thoko anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Amuna anga anayang'ana kumwamba. A Tembo okha ndi amene anati, "Amulamu, mwaoneka bwino, koma mufika?"

Masitepe khumi oyamba, zidendene zinalowa m'dothi. Anthu onse, zikwizikwi, anali mu makabudula, masikipa ndi nsapato zothamangira, ena atanyamula mabokosi a mowa pa ngolo. Mayi wina wachifalansa anandiimitsa, anandijambula, n'kufunsa Thoko ngati kuli ukwati. Tinayenda kupitirira theka la ola pa miyala. Pofika ku mpanda wa waya woonerapo, mapazi anga anali ndi matuza anayi, ndipo ndinkamwetulirabe kuti Thoko asaone.

Phokoso lake musaliyerekeze ndi chilichonse chimene munamvapo. Magalimoto onse atadutsa koyamba pamodzi, ndinalimva m'chifuwa ndi m'mano. Thoko ananditambasulira timasiponji tiwiri ta m'makutu, ine n'kupukusa mutu kuti ndili bwino. Atadutsa kachitatu ndinachita kumugwira mkono n'kumupempha. Zotseka m'makutu musaiwale, ndipo munyamule zapadera zoti mupatse wamakani amene mwapita naye. Wailesi nayo ndi yofunika. Pakatha ola limodzi magalimoto amasakanikirana, wotsogola amakhala kumbuyo kwa wotsalira, ndipo popanda wokuuzani m'khutu mumangoona mitundu ikudutsa. Onse atatu anali ndi mawailesi awo, ankafuulira limodzi, kugwira kumutu limodzi. Ine ndinkangoyang'ana amuna anga, ndipo iwo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Dzuwa litapendeka kunabwera mvula, yosachenjeza. Anthu anangotulutsa majekete m'zikwama n'kupitiriza kuonera. Diresi langa linandimata thupi, wigi inalemera, utoto wa m'maso unatsikira m'masaya. Gogoda imodzi inatsalira m'matope, ndinaizula ndi manja. Thoko ananditengera ku tenti, anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa jombo, juzi ndi jekete la mvula. Jombozo zinandikwana ndendende, pomwe phazi la Thoko ndi laling'ono.

"Izi ndi za ndani?"

"Ndi zanu, asisi. Ndinakugulirani. Ndinkakayika ngati munyamula."

"Saizi yanga unaidziwa bwanji?"

"Ndinafunsa achimwene."

Ha! Ndiye kuti amakhala pansi n'kumandikambirana. Amadziwa kuti ndine wamakani, anakonzekera kale, mwina akuseka. Ndinavala jombozo chifukwa kuzizira kunalibe nazo ntchito za ulemu wanga, koma zikomo wanga anali wa pakamwa chabe. Ndinalowa m'tenti kuti ndipume pang'ono, ndipo ndi timasiponji tija m'makutu, ndinagona mpaka kunja kutayera.

Nditadzuka, malo a Thoko anali osagonapo. Tenti ya abambo inali yopanda munthu. Foni yanga inali itazima, pawabanki ndinalibe, ndipo ngakhale ikanayaka, pa chigulu chotero netiweki imavuta. Thoko anali atanena dzulo lake malo oti tizikumana wina akasowa, koma ine nthawi imeneyo ndinali kalikiliki kuyang'ana mmene akuimira pafupi ndi amuna anga. Zimenezinso muzisunge, mugwirizane malo okumanirana ndipo mumvetsere.

Ndinayenda maola awiri. Zimene ndinaganiza m'maola amenewo Mulungu andikhululukire. Ndinawaona m'maganizo atafunda jekete limodzi. Ndinakonza mawu okauza abusa, ndinakonza okauza ankhoswe ku Chiradzulu, mpaka ndinagawa katundu wa m'nyumba. Ndinaima pa mzere wa kuchimbudzi ndikulira, mayi wina n'kundipatsa tishu poganiza kuti timu yanga yagonja. Potsiriza ndinapeza a Tembo ali pa mpando wawo wopinda, chipewa kumaso, magalimoto akubangula iwo ali m'tulo. Nditawagwedeza analoza pakona ina kumunsi kwa kamtunda.

Ndinawazembera kumbuyo. Anali pa mpanda wa waya, pakati pawo pali mpata woti munthu wonenepa n'kudutsa. Thoko ankadya apozi, maso ali pa msewu. Amuna anga anali atachotsa wailesi, atachotsanso siponji ya khutu limodzi, zala zili pa waya, maso atatsinzina.

"Yabuluu ija," anatero galimoto zitadutsa. "Ikamatuluka pakonapa ikumaphonya. Imeneyo siifika masana."

"Ine sindikumva kanthu, achimwene."

"Mumvetsere ikamabweranso."

Inabwera, inadutsa. Kwa ine inalira ngati zinzake zonse. Inabweranso kawiri, kenako sinaonekenso. Bambo wina wachikulire wa ku England amene anaima pambali pawo, wailesi ili kukhutu, anauza mnzake kuti yabuluu yalowa m'galaja, injini yavuta. Thoko analumpha n'kumuuza m'Chingerezi kuti bambo awa ananeneratu, anangomva ndi khutu. Mkuluyo anawagwira chanza amuna anga, osafuna kuwasiya, n'kufunsa kuti amagwira ntchito ku galaja iti.

Amuna anga anayang'ana manja awo.

"Ndinali makaniko, kwathu," anatero.

"Nanga pano?"

"Pano ndimanyamula makatoni."

Ananena akuseka, koma kuseka kumeneko ine ndimakudziwa. Ndinawaitana. Anatembenuka, anayang'ana jombo zanga, n'kunditsatira pamwamba pa kamtunda pamene phokoso linali lochepa. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anali akadali pakamwa, ndipo ndinawatulutsa momwemo.

"Mwachezera usiku wonse ndi Thoko."

"Ndi a Tembo, ndi anthu ena zikwizikwi."

"Mundiuze zoona, bambo a Tadala. Mumamufuna?"

Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya.

"Thoko sindimufuna. Ndi mwana, ndipo ali ndi wake ku Sheffield. Mukhoza kufufuza foni yanga lero ndi mawa."

"Nanga bwanji mukakhala naye mumaseka? Kunyumba mumangoti ndwii."

Magalimoto atatu anadutsa.

"Thoko amandifunsa kuti galimoto yavuta chiyani. Inu mumandifunsa ngati ndatulutsa bini ya zinyalala, ndi kuti shifiti yanga itha nthawi yanji kuti ndikatenge mwana. Sindikudandaula, ndi moyo wathu. Ndinagulitsa galaja ndi mtima umodzi, palibe anandikakamiza. Koma ndikaima ndi mtsikana uja ndimakhalanso makaniko. Ndikaima ndi inu ndine munthu amene munabwera naye."

"Ine sindinanenepo zimenezo."

"Mwanena kanayi tsopano. Katatu kukhitchini, ndinameza. Ku Dover kunali koyamba pamaso pa anthu."

Ndinafuna kunena kuti ndimatopa, kuti mawondo amandiwawa ndi kunyamula okalamba, kuti nanenso ndinasiya zanga. Zonsezo ndi zoona. Koma sizinali yankho la zimene ananena, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Anadikira pang'ono. Kenako anabwezera siponji m'khutu n'kutsikira ku mpanda kuja.

Ndinatsala ndekha pa kamtundako, m'jombo zogula Thoko. Kunena zoona, ndikanakonda ndikanawapeza atafunda jekete limodzi. Zimenezo ndikanadziwa kopita nazo, abusa alipo, ankhoswe alipo, akanawakhazika pansi ine n'kupambana mlandu. Izi ndinalibe kokazinenera. Ndipo nsanje sinathe ayi, inakula. Mtsikana uja sananditengere kanthu. Anangotola munthu amene ine ndinamusiya ku Ndirande osazindikira, ndipo ndi iyeyo amene ankamuona akuseka.

Amene anawina mpikisanowo sindimudziwa mpaka lero. Ndinatsika kamtunda kaja pang'onopang'ono, matuza akuwawa, ndinadutsa pakati pa anthu mpaka pa waya. Thoko anali kudzanja lawo lamanja. Ine ndinaima kumanzere, pamene panalibe malo, phewa langa likukankhana ndi la mzungu uja. Galimoto yofiira inadutsa. Ndinawakoka malaya n'kukuwira m'khutu mwawo.

"Nanga iyoyo ili bwanji?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Anangosendera pang'ono kuti ndipeze poima.